Mlandu wa Kuphethira

Khalani pansi nonse. Iwe wamtaliwe, pamkekapo. Mpando uwo ndi wa woweruza, ndipo woweruza lero ndine. Mafoni onse mulichero umu. Onse ndati. Iwe, ija walowetsa m'thumba lakumbuyo ndaiona, maso angawa ndi okalamba koma sanafe. Eya. Tsopano bwalo lakhala.

Munabwera dzulo, pa 15 Okutobala, kuti mudzandione pa tsiku la anakubala. Ndathokoza. Chitenje ndalandira, shuga ndalandira, sopo ndalandira. Koma kundiona kwenikweniko mwandiona liti? Chifikireni pakhomo pano ine chimene ndaona ndi pamutu panu basi. Mitu ili zyoli ngati nkhuku zachitopa, chala chokha n'chimene chikusonyeza kuti munthu akadali moyo. Zimenezo ndikanazisiya, poti mwano wa adzukulu ndinauzolowera. Mlandu umene ndakuitanirani ndi wina, ndipo ndi waukulu: ana inu mwasiya kuphethira.

Musaseke, umboni ndili nawo. M'mawa muja ndikuswa mtedza pakhonde, iwe wa kukoleji unadzakhala pambali panga, foni ili pamphuno. Ndinatenga wotchi ya malemu agogo anu aamuna, ija ya kamuvi kothamanga, n'kunena mumtima kuti ukaphethira ndiponya njere imodzi m'mbale. Kamuvi kanazungulira kamodzi: njere 5. Ndinati mwina ndaphonya, ndibwereze. Njere 4. Ndiye ndinatembenukira kwa kamwana ka aneba kamene kankaumba ng'ombe zadothi paja, kakulongolola kokha. Njere 17. Mbale zonse ziwiri ndasunga, zili pawindo apo, wokayika akawerenge.

Munthu amene akungocheza kapena kuyenda amaphethira ka 15 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi, osadziwa n'komwe kuti akutero. Akati dwii pa foni kapena pa kompyuta, chiwerengerocho chimatsika ndi theka, ena mpaka kupitirira apo. Ndipo kuphethira kochepa kotsalako nakonso n'kwachinyengo. Chikope chimatsika n'kubwerera panjira chisanakumane ndi chinzake, ngati waganyu amene walima mzere kulekeza pakati n'kumati wamaliza.

Ndikukuona iwe ukunong'oneza mnzakoyo kuti agogo zimenezi azitenga kuti. Ndazitenga kuchipatala, ndipo ndinakazigula ndi maso anga omwe. Chaka chathachi maso anayamba kundizunza. Ndikadzuka, ngati wina wandithira mchenga usiku. Ndinkauza mayi anu aang'ono kuti andiuzire, mwina muli chitsotso. Auzira, auzira, mulibe kanthu. Dzuwa likapendeka ankawotcha ngati ndawagwira ndi dzanja la tsabola. Ndikatsegula buku la nyimbo, zilembo zili mbuu. Ndikaphethira kawiri katatu, izo zaoneka. Pang'ono pokha, mbuu kachiwiri. Chodabwitsa n'chakuti misozi inkangotsika yokha. Kutchalitchi amayi anzanga ankandisisita pamsana, ati ulaliki wawakhudza agogo, pomwe ine maganizo ali pa nyemba zimene ndasiya pamoto.

Amene anandiona kuchipatalako ndi kamtsikana ka msinkhu wanu womwewu. Kanandiunika, kanandiunika, kenako n'kunena mwaulemu wake wonse kuti, "Agogo, maso anuwa ndi ouma." Ine misozi ili chuchuchu mpaka pachibwano, kakuti ouma! Ndinatsala pang'ono kukafunsa kuti sukulu yake kanaphunzira kuti. Koma kanakoka mpando n'kundilongosolera bwinobwino, ndipo zimene kanandiuzazo mumve ndi makutu onse awiri, chifukwa sindibwereza.

Misozi imene inu mukuidziwa ndi ya pamaliro ndi ya anyezi. Koma pali ina yosaoneka, imene imakuta diso usana wonse, yopyapyala kuposa khoko la anyezi yemweyo. Imeneyo si madzi wamba. Pansi penipeni, pokhudzana ndi diso, pali kanthu koterera ngati therere, kamene kamagwira madzi kuti asatsetsereke. Pakati pali madzi amchere ochokera m'kachiwalo kobisala pansi pa fupa la pamwamba pa diso, chakukhutu. Ndiye pamwamba pa zonse pali mafuta. Inde, mafuta. M'mphepete mwa chikope, kuseri kwa nsidze, muli timabowo tondandalikana ta tiziwalo totulutsa mafutawo, pafupifupi 30 m'chikope cham'mwamba ndi tocheperapo pang'ono m'cham'munsi. Dokotala wina wa ku Germany, Heinrich Meibom, analemba za tiziwalo timeneti mu 1666, ndipo mpaka lero timatchedwa ndi dzina lake. Mafutawo ndiye chivindikiro cha mtsuko. Popanda iwo madzi a m'diso amauluka ndi mphepo.

Nanga amene amafinya timabowoto kuti mafuta atuluke ndani? Ndi kuphethira. Amene amayala zonsezi pa diso kuti zikhale see ndani? Ndi chikope. Inu simunazirepo nyumba, munabadwira pasimenti, koma funsani amayi anu: dothi ukaliunjika pamalo amodzi osaliyendetsa ndi dzanja, pansi pamang'ambika. Chikope ndi dzanja lozira, ndipo chimazira diso lanu kambirimbiri pa tsiku, kwaulere, chosapempha ngakhale zikomo. Inu mwachichotsa ntchito chifukwa cha kanema wa munthu wovina ku Lagos amene sakukudziwani n'komwe.

Za misozi yanga ya kutchalitchi ija, yankho lake ndi lomweli. Diso likauma limakuwa, ndipo kachiwalo kaja kamatsegula madzi ambiri nthawi imodzi. Koma ndi madzi okhaokha, opanda mafuta okwanira. Ali ngati mvula yamkuntho yogwa pa nthaka youma gwaa: imathamanga pamwamba n'kukathera kumtsinje, pansi pakadali pouma. Ndiye iwe amene umati maso ako amalira okha ukakhala pa laputopu, usanamizire chikondi. Auma.

Kuyeza kwake sikowawa, amantha inu. Anandikoleka kapepala kakang'ono m'chikope cham'munsi, ndikhale chitsinzinire kwa mphindi 5, aone kuti kanyowa mpaka pati. Njira imeneyo anaiyambitsa Otto Schirmer mu 1903 ndipo mpaka pano ikugwirabe ntchito, umboni woti si zakale zonse zotha ntchito. Kakanyowa mamilimita 10 kapena kuposa, zinthu zili bwino. Kakalephera kufika 5, chitsime chaphwa. Kenako anandidontheza kamankhwala kachikasu, n'kundiunika ndi kuwala kwa buluu, akuwerenga kuti misozi yokuta diso ija ing'ambika patatha masekondi angati ndisanaphethire. Ikang'ambika asanakwane 10, ndiye kuti chivindikiro chija n'chobooka. Yanga sinachedwe n'komwe.

Komatu ine chowiringula ndili nacho. Munthu akamakula tiziwalo timeneti timatopa, makamaka ife amayi tikasiya kupita kumwezi. Onjezanipo zaka zonse zimene ndakhala ndikuuzira moto pamafuwa, utsi wa nkhuni zaziwisi uli tolotolo m'khitchini yopanda windo, kuphikira makolo anu ndi inu nomwe. Maso anga anauma pa ntchito. Anuwo, a zaka 19, a zaka 23, aumira chiyani?

Ndiyambe ndi iwe wa kabaza. Chipewa uli nacho, koma galasi lake lakutsogolo umalikweza m'mwamba kuti atsikana a pamsika akuzindikire. Mwezi uno wa Okutobala, fumbi lili kobo, mphepo yotentha ikukumenya m'maso kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ubwera kuno maso ali psuu ngati wagona kumowa. Tsitsa galasilo. Okufuna adzakuzindikira ndi nsapato.

Iwe wa muofesi, ndamva kuti kwanuko kuli makina ozizira, mumavala juzi m'chilimwe. Mpweya wa makinawo ndi wouma, ndipo ukafika kunyumba umalozetsanso fani kumaso usiku wonse ngati ukuumitsa usipa. Kompyuta yakonso akuti unaikweza pamabuku kuti uzioneka bwana. Munthu akayang'ana m'mwamba diso limatseguka lonse, madzi n'kumauluka pamalo aakulu. Itsitse, ikhale m'munsi pang'ono mwa maso, chikope chizigwa chokha n'kuphimba mbali ina.

Tsopano iwe mwana wamkazi, dzina langa, yang'ana kuno. Ayi, yang'ana, ngati nsidzezo zikulola. Pamene unkatsika minibasi dzulo ndinayesa kuti pankhope pako patera agulugufe awiri. Kukongola sindikuletsa, nanenso pa utsikana wanga ndinavutitsa anthu m'mudzi muno, kafunse. Koma guluu amene ukumatira nsidzezo akukhala pakhomo penipeni pa timabowo ta mafuta tija. Pensulo yakudayo umaipaka mkati mwa mphepete, pamzere womwe timabowoto tili, n'kugona nayo osasukusula. Ukutseka chitsime ndi manja ako, mawa uzidzati akulodza. Ndipo timagalasi tomata pa diso tija, tosintha mtundu kuti uzioneka ngati mphaka, timasokoneza misozi yomwe yachepa kaleyo. Kugona nato ndiye usayerekeze, kumabweretsa chilonda pa diso.

Wosuta fodya sindimutchula dzina, akudzidziwa, ndi uyo akuyang'ana kudenga. Winanso ndi uja amameza Piriton usiku uliwonse kuti agone msanga atatha kuonera mafilimu mpaka 2 koloko. Mankhwala amenewo amaumitsa chimfine, ndipo poumitsapo sasankha, misozi nayo amaichepetsa. Alipo enanso otero, ena a BP, ena a matenda a nkhawa. Amenewo munthu sasiya yekha; amakawauza amene anamulembera kuti maso ayamba kuuma.

Koma chimene chandikwiyitsa zenizeni, ndipo apa sindikuseka, ndi kabotolo aka. Kanagwa m'chikwama cha mmodzi wa inu pamene ndimasesa. Kalibe pepala la kuchipatala, zilembo zake n'zofufutika, mwini wake akuti anagula kwa munthu woyala mankhwala pansi, ati "oyeretsa maso". Tamverani. Mankhwala ena odontheza amangofinya timitsempha kuti diso lioneke loyera kwa maola ochepa. Akatha mphamvu limafiira kuposa kale, iwe n'kudonthezanso, mpaka kukhala kapolo wa kabotolo. Ena ndi oopsa koposa, aja ali ndi steroid. Amaziziritsa diso tsiku lomwelo, munthu n'kumati wapeza mankhwala amphamvu. Ukawadontheza miyezi popanda wokuyeza, amatha kukweza mphamvu ya madzi a mkati mwa diso mpaka kuwononga mtsempha woonera, mwakachetechete, osamva kuwawa, ndipo mtsempha umenewo ukafa sudzukanso. Amabweretsanso ng'ala pa ubwana. Ng'ala ndi yathu ife okalamba, musatilande.

Kuti musati woweruza akukondera, mbadwo wanganso ndiuimba mlandu. Ife tinakula diso likafiira amakufinyira madzi a masamba, ena madzi a shuga, ena mkaka wa m'mawere, ena zinthu zoti sindingazitchule tikuyandikira chakudya. Mayi anga ondibereka ankatero, ndipo ankatero mwachikondi. Koma ndikudziwa anthu amene diso linachita tuu loyera chifukwa cha chikondi choterocho. Diso si mphika woti aliyense aziyeseramo ndiwo zake.

Pena kuuma kwa maso kumakhala mthenga wa matenda ena: shuga, nyamakazi ija yotupitsa mfundo za zala, ngakhale kachilombo ka HIV. Palinso matenda amene anawalongosola dokotala wa maso wa ku Sweden, Henrik Sjögren, mu 1933, ogwira kwambiri amayi, pomwe thupi limaukira tiziwalo take tomwe ta misozi ndi malovu. Munthu wake m'kamwa mumauma moti mbatata yootcha sangaimeze popanda madzi. Zikafika pamenepo si za foninso ayi, n'zofunika kukayezetsa thupi lonse. Kwa ana aang'ono, diso limauma moopsa vitamini A akasowa m'thupi, ndipo chizindikiro choyamba n'kusaona kukangoyamba mdima. N'chifukwa chake kusikelo amawadonthezera timakapisozi tija m'kamwa, n'chifukwa chake shuga wa m'paketi mwandibweretserayu anamuthira vitamini ameneyu. Mbatata yachikasu mkati, mapapaya, mango akupsa, bonongwe, chisoso, zonsezo ndi zomwezo. Inu mumati ndiwo za kumudzi, n'kumakadya tchipisi.

Mukudziwa kuti dziko lino linalimbana zaka zambirimbiri ndi trachoma, matenda a maso oyenda ndi ntchentche ndi nkhope zosasamba, aja opinda nsidze kuti zizikanda diso mpaka munthu kuchita khungu? Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathana nawo ngati vuto la dziko. Anthu anayenda midzi, anagawa mankhwala, anachita maopaleshoni a zikope, kuti inu mukule ndi maso abwino. Mwawalandira maso abwinowo, n'kukawagulira matenda ena ndi bandulo ya pa sabata.

Chigamulo nachi, ndipo apilo kulibe. Pakatha mphindi 20 zilizonse uli pa foni kapena pa kompyuta, dzutsa mutu, uyang'ane chinthu chakutali mamita 6 kwa masekondi 20. Mamita 6 ndi kuchokera pano kukafika pa mtengo wa mango uwo. Uli kutauni kopanda mango, yang'ana chimene chilipo, ngakhale ngongole yako ngati yaima patali. Uli pomwepo phethira mofikapo kangapo, zikope zikumane, uzifinye pang'ono, utsegule. Anzako akakufunsa, uziti agogo anandilamula.

Chachiwiri ndi kuthowa, ndipo pamene kamtsikana kaja kanatchula zimenezi ndinaseka, chifukwa ife takhala tikuthowa zotupa chibadwire. Mafuta a m'zikope aja akakhalitsa osatuluka amaundana, ngati mafuta a nkhumba m'mbale mwezi wa Juni, n'kutseka timabowo. Tenga kansalu koyera, kako wekha osati kobwerekana, ukaviike m'madzi ofunda. Ofunda ndati, oti kuseri kwa dzanja kukupirira bwinobwino, osati ofuna kusosolera nkhuku. Tsinzina, ukaike pazikope mphindi 5 mpaka 10, kakazizira uviikenso. Ukatero sisita chikope pang'onopang'ono ndi chala choyera kulowera kunsidze, cham'mwamba chotsitsa, cham'munsi chokweza, kenako upukute m'mphepetemo. Ine ndimachita m'mawa uliwonse madzi a tiyi akatsala, ndipo ndi nthawi yokhayo imene pakhomo pano palibe amene amandituma.

Ndiye pali misozi ya m'botolo. Inde, dziko lafika pogulitsa misozi; kale tinkangoipeza pamaliro. Imeneyo ndiyo yoyenera diso louma, yongonyowetsa basi, ndipo muzigula kufamase yeniyeni mutauzidwa ndi woona za maso. Ngati ukufunika kudontheza kopitirira ka 4 pa tsiku, funsa yopanda mankhwala oisungitsa, chifukwa oisungitsawo akachuluka nawonso amapsereza diso. Yolimba ngati mafuta ndi ya pogona, poti imachititsa mbuu. Kamlomo ka botolo kasakhudze diso, ndipo botolo si chipande choti chizizungulira nyumba zonse. Iwe amene umafuna kunditumizira makapisozi a mafuta a nsomba odula aja, sunga ndalama yako: ku America anawayesa pa anthu a maso ouma, zotsatira zinatuluka mu 2018, ndipo sanapose makapisozi a mafuta a olivi amene anapatsa gulu linalo. Undigulire usipa weniweni, ndidyere nsima.

Zikakanika zonsezi madokotala ali nazo zina. Pali mankhwala odontheza ochepetsa kutupa, monga cyclosporine, amene amatenga miyezi kuti munthu amve kusintha. Palinso kutseka ngalande. Pakona ya diso chakumphuno pali kabowo kotayira misozi m'mphuno, n'chifukwa chake wolira amafwenthera. Kabowo kameneko amatha kukatseka ndi kachitsekero kochepa ngati njere ya chitowe kuti misozi yochepayo ichedwe kuchoka. Koma musayembekezere kuti ndi malungo, oti umwa LA masiku atatu n'kuiwala. Maso ouma ali ngati munda wa m'dambo, ukaleka kupalira udzu wabwerera.

Ndipo mundimvetse: diso likamapweteka kwambiri, likayamba kuopa kuwala, likatuluka mafinya, pakaoneka kadontho koyera pakati pakudapo, kapena kuona kukachepa osabwerera ngakhale uphethire, imeneyo si nkhani ya kansalu ndi madzi ofunda. Nyamuka tsiku lomwelo. Zipatala zambiri za m'maboma zili ndi woona za maso, ndipo ku Nkhoma ngakhale ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli mbali ya maso yokhayokha. Kufikisa diso ndi chibakera ngati ukuchapa kolala ya malaya, kumeneko ndiye leka lero lomwe.

Chindapusa chanu ndi ichi: mafoni akhala mulicheromo mpaka nsima ipse, tidye, mbale zitsukidwe. Iwe wa njere 4, mtedza uwo umalize kuswa, uziyang'ana mtengo wa mango. Wa kabaza, katereke madzi, kansalu kanga kali pachingwe. Dzina langa, kasambe m'manja ndi sopo ubwere undidontheze misozi yangayi, dzanja langa limanjenjemera ndipo theka imathera patsaya.

Imene ikulirayo ndi ya yani? Ndati palibe wogwira lichero! ... Ya chikwama chofiirayo? Imeneyo ndi yanga. Ndi amayi a kwaya amenewo, za yunifolomu ya Lamulungu. Bweretsa kuno. Ayi, woweruza sakhudzidwa ndi chigamulo. Ndipo iwe, mbale ya mtedzayo ika pansi, ndani wakuuza kuti uziwerenga?